MANGA Plus pa foni kuno ku Zomba, mmene ndaionera ine

Anzanga amene mumakonda anime koma manga, nkhani za zithunzi zija za ku Japan, simunayambe, kapena mumawerenga koma kudzera mmasikirinishoti aja amazungulira mmagulupu a WhatsApp ena odukaduka ena osaoneka bwino, bwerani ndikuuzeni za MANGA Plus. Iyi ndi app komanso webusaiti ya Shueisha, kampani ya ku Japan yomwe imasindikiza magazini ya Weekly Shonen Jump kuyambira 1968. Anaitsegula mu Januwale 2019 ndipo imagwira pafupifupi dziko lonse kupatula Japan, China ndi South Korea, nde kuno kwathu imatseguka bwinobwino popanda VPN kapena kuzembera kulikonse. Kuti muyambe kuwerenga simulipira kanthu, olo akaunti sakufunsani, mumangotsitsa app pa Play Store basi mwalowa.

Chomwe chinandikoka poyamba ndi nthawi. Magazini ija imatuluka Lolemba ku Japan, iwo ali patsogolo pathu ndi maola 7, nde ikamakwana 12 koloko usiku kwawoko kuno imakhala 5 koloko madzulo Lamulungu, ndipo ndi nthawi yomweyo chaputala chatsopano chimagwa pa app chitamasuliridwa kale mchizungu. Munthu uli ku Chinamwali kapena ku Matawale ukuwerenga limodzi ndi munthu wa ku Tokyo, ola lomwelo, kuchokera kwa eni ake enieni. Ife amene tinazolowera kulandira zinthu zitatha kale fasho, zitadutsa mmanja khumi, zimenezi zimandisangalatsa kwabasi, osanama.

Dongosolo lake lili chonchi. Nkhani iliyonse yomwe ikupitilira kutuluka, machaputala atatu oyamba ndi atatu atsopano amakhala aulere nthawi zonse. Za pakatipo muyenera kukhala mu app, pa webusaiti sizitseguka. Mu 2023 anabweretsanso mapulani olipira omwe amawatcha MAX, poyambitsa paja inali $1.99 pamwezi ya nkhani zomwe zikupitilira ndi $4.99 yophatikiza zomwe zinatha kale. Kwa wa ku America imeneyo ndi ndalama ya tiyi, koma kwa ife vuto si mtengo wokha ayi, ndi njira yolipilira, sinanga ambirife ndalama zathu zimakhala pa Airtel Money kapena Mpamba pomwe apa pakufunika khadi ya kubanki yolipira madola, ndipo nkhani ya forex mukuidziwa nokha mmene ilili chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja. Nde ine ndinganene kuti kwa Mmalawi wamba app iyi muitenge ngati ya ulere, mbali yolipirayo ndi ya ochepa.

Koma tisataye nthawi pa malipiro, funso lalikulu ndi loti muli chani mmenemo choti munthu aonongere bandulo yake. Yankho langa ndi One Piece ya Eiichiro Oda, yomwe inayamba mu Julayi 1997 ndipo mpaka pano sinathe, yadutsa machaputala 1,100 ndipo pofika 2022 mabuku ake osindikizidwa anali atapyola 500 miliyoni padziko lonse. Amene mumadana ndi kuuziratu nkhani pepani, zina ndizitchula, koma zambiri ndi za zaka 20 zapitazo.

Ambiri amaganiza kuti ndi nkhani ya ana ya kamnyamata kathupi la labala kovala chipewa cha mlaza komenya anthu. Zibakera zilimo zambiri inde, koma chomwe chimayendetsa nkhaniyi ndi mtima uja woti munthu akamva kuti kutsidya kwa nyanja kuli chilumba chomwe palibe anafikako, safunsa kuti ndikapindulako chani, amangoti tiyeni tikaone. Mnyamatayo, dzina lake Luffy, amanyamuka kumudzi kwawo ali ndi zaka 17 pa kabwato kakang'ono, kusambira satha, kuwerenga mapu satha, ndipo aliyense amene amamutenga panjira amabwera ndi loto lakelake lomwe silidalira la kaputeni. Zoro akufuna kukhala katswiri wa lupanga woposa onse chifukwa cha lonjezo lomwe anapangana ndi mnzake wamkazi yemwe anamwalira ali mwana, Nami akufuna kujambula mapu a dziko lonse, Sanji wophika uja akusaka nyanja yomwe amati muli nsomba za mitundu yonse pamalo amodzi, Chopper akufuna kukhala dokotala wochiza nthenda iliyonse. Palibe amene anasiya loto lake kuti atumikire la mnzake, sitima ndi imodzi koma aliyense ali ndi komwe akupita, ndipo ndi chifukwa chake gululi limakoma kulitsatira.

Ife nyanja ya mchere tilibe, ambirife sitinaionepo ndi maso. Koma amene munaimapo pa doko la Kachulu mmawa kuona maboti akunyamuka kupita ku Chisi, kapena kumva za asodzi a pa Chilwa omwe amakhala miyezi pa zimbowera pakati pa madzi osaponda kumtunda, mukudziwa kuti madzi amaitana munthu mwanjira yakeyake. Nkhanizi sizikhala zachilendo kwenikweni kwa munthu wa kuno.

Gawo lomwe ndimalikonda kuposa onse, ndipo ena amalidumpha amvekere ndi lotopetsa, ndi la Jaya ndi Skypiea, kuyambira chaputala cha mma 220 mpaka cha mma 300. Amafika mtauni ina ya achifwamba apanyanja nkufunsa njira yopita ku chilumba chomwe amati chili kumwamba mmitambo, bala yonse kuphulika ndi phwete, ndipo mkulu wina dzina lake Bellamy amawanyoza kuti nthawi ya anthu olota inatha, pano ndi nthawi ya ndalama ndi mphamvu. Amawamenya, kuwathira mowa, kuwaponyera panja, koma Luffy anauza Zoro kuti asabweze olo pang'ono ngakhale onse awiri akanatha kugwetsa bala yonseyo, chifukwa kumenyana ndi munthu wongoseka loto lako palibe chomwe upindule. Patsogolo pake akumana ndi bambo wina, Mont Blanc Cricket, yemwe kholo lake Noland linaphedwa zaka 400 mmbuyomo ati chifukwa chonamiza mfumu kuti linaona mzinda wa golide, mpaka dzina la banja lawo linasanduka nthano yoseketsa ana, buku la ana lenileni lonena za Noland wabodza. Cricket uja wakhala akumira pansi pa nyanja tsiku ndi tsiku kwa zaka 10 kufunafuna mzindawo, thupi lake linaonongeka ndi kumirako, ndipo iye mwini sanena kuti akutsimikiza kuti ulipo, akungofuna kuthana ndi magazi omwe anamuonongera moyo. Bellamy atapita kukamumenya mkuluyu ndi kumulanda golide wochepa yemwe anatola pansi pa madzi, pamenepo ndi pomwe Luffy anabwerera mtauni muja usiku nkumugwetsa ndi chibakera chimodzi chokha. Kumunyoza iye analola, koma kupondereza loto la munthu wina wokalamba ayi.

Ndipo zoona zake zinali zoti Noland sananame, theka la chilumba chija linaponyedwa kumwamba ndi mafunde amphamvu, mzinda wonse ndi belu lake lagolide zinali mmitambo nthawi yonseyi pomwe mdzukulu akusaka pansi. Luffy amamenya belu lija dala kuti mkulu uja alimve ali pansi pano adziwe kuti kholo lake silinali labodza. Ine tsamba limenelo ndimaliwerenga misozi ili mmaso, chifukwa kuno kwathu timadziwa kuseka anthu olota, mwana wa ku Chikanda akangoti akufuna kujambula makatuni kapena kupanga mafilimu yankho limakhala loti udya zimenezo? ndipo ambiri amasiya asanayese nkomwe. Oda sanena kuti aliyense wolota adzapeza golide, Cricket golide wa mzindawo sanamugwire mmanja, chomwe anapeza ndi kumva belu basi, ndipo nkhaniyi imaonetsa kuti kwa iye zinakwanira.

Mbali ya ufulu nde imandikhudza mwanjira ina chifukwa cha tauni yathu ino. Muli mayi wina mgululi, Nico Robin, wochokera pa chilumba cha Ohara pomwe panali laibulale yaikulu mkati mwa mtengo ndi akatswiri a mbiri yakale. Boma la dziko lonse la mnkhanimo linaletsa kufufuza zaka 100 zina zomwe zinafufutidwa mmbiri, akatswiri aja anapitiliza mobisa, boma linatumiza sitima zankhondo 10 nkuwotcha chilumba chonse, ndipo laibulale ikuyaka iwo mmalo mothawa anali kalikiliki kuponya mabuku pawindo kuti agwere mnyanja yaing'ono yomwe inali pafupi apulumuke. Robin anatsala yekha ali ndi zaka 8, boma nkuika 79 miliyoni ya ndalama za mnkhanimo pamutu pake, mlandu wake kudziwa kuwerenga zilembo zakale. Munthu wa ku Zomba sungawerenge zimenezi ngati nthano yakutali. Jack Mapanje anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College pompano, buku lake la ndakatulo analichotsa mmasukulu ndi mmashopu mu 1985, iye anamugwira mu 1987 nkukamutsekera ku Mikuyu, kufupi konkuno, mpaka 1991 osazengedwa mlandu uliwonse. Makolo athu amene anali pa Chirunga nthawi imeneyo amakumbukira mmene munthu unkayang'ana kaye kumbuyo usanatchule mutu wa buku. Nde pamene Robin, atathawa zaka 20 akudziona ngati munthu wosayenera kukhala ndi moyo, amakuwa pamaso pa anzake kuti akufuna kukhala ndi moyo, anzakewo atangowotcha mbendera ya boma lija kuti amuonetse kuti sakumusiya, ine ndimaona kuti wolemba uyu amadziwa chomwe boma loopa mabuku limachita kwa munthu.

Chinanso chomwe ndimachilemekeza ndi choti ufulu wa Luffy si wolamulira. Pa zilumba za Sabaody mkulu wina yemwe anali wachiwiri kwa mfumu yakale ya achifwamba anamufunsa ngati angathe kugonjetsa nyanja yoopsayo, iye anayankha kuti sakufuna kugonjetsa kanthu, kwa iye mfumu ndi munthu amene ali mfulu kuposa onse panyanjapo. Pomwepo Usopp, mmodzi wa gulu la Luffy, anafuna kufunsa mkulu uja ngati chuma chomwe akusakacho chilipodi, Luffy anakalipa kuti akauzidwa asiya ulendowo, ulendo wodziwiratu mathero sakuufuna. Ndipo maiko onse amene amawapulumutsa sakhalapo kuti akhale bwana, amadya phwando nkunyamuka.

Koma ufulu umenewu Oda amaumangilira ku chakudya nthawi zonse, ndipo apa ndi pomwe ndimati munthuyu si wongolota chabe. Sanji ali mwana anakhala masiku 85 pa thanthwe pakati pa nyanja ndi mkulu wina Zeff, mkuluyo anamupatsa mwanayo chakudya chonse iye nkudya mwendo wake womwe, mu manga zili choncho, mu anime anazisintha, ndipo kuchokera pamenepo Sanji sakaniza chakudya munthu wanjala olo akhale mdani. Kumudzi kwa Nami, chigawenga china, Arlong, chinkalipiritsa anthu kuti akhale ndi moyo, 100,000 wamkulu 50,000 mwana, mayi amene anamulera anali ndi 100,000 yokha nde analipilira ana awiri aja iye nkuphedwa, ndipo Nami anakhala zaka 8 akuba kuti asonkhetse 100 miliyoni awombole mudzi. Ku dziko la Wano kamtsikana kena, Tama, kamapatsa Luffy mbale ya mpunga yomwe ikanakhala chakudya chake chapamwamba, kenako nkukamwa madzi a mumtsinje woipitsidwa ndi mafakitale kuti kapondereze njala, ndipo patadutsa machaputala oposa 100 mdani wamkulu atafunsa Luffy kuti akufuna dziko lotani, yankho lake linali dziko lomwe anzake angadye mpaka kukhuta. Amene mumadziwa mmene Januwale ndi Febuluwale amakhalira mmidzi ya ku Jali kapena ku Mayaka nkhokwe zikauma, simufunika wokumasulirani kuti ufulu wa munthu wanjala ndi wotani.

Sikuti zonse ndi zabwino mnkhaniyi ayi. Kajambulidwe ka azimayi kamandinyansa nthawi zina, chiuno ngati chala chifuwa chachikulu, ndipo zinanka zikuipira nkhani ikamapita, pomwe azimayi omwewo ndi amene ali ndi mbiri zolemera kwambiri. Nthabwala za Sanji pa akazi zinatopetsa kalekale. Komanso Oda amavutika kupha anthu, ku Alabasta msilikali wina anauluka ndi bomba kuti apulumutse mzinda, tonse kulira, kenako uyo ali moyo, ndipo zoterezi zikachuluka munthu umasiya kuopa. Machaputala a zaka zaposachedwapa ndi odzadza kwambiri, anthu ambirimbiri ndi mawu ambirimbiri pa tsamba limodzi.

Izi zikundifikitsa pa foni. Manga anaipangira pepala, ndipo masamba ena amajambulidwa awiri ophatikizana, nde pa ka itel kapena Tecno ka sikirini yaing'ono muyenera kuigoneka foni chammbali kapena kumakoka ndi zala kuti muone bwino, ndipo belu lija ndimanena lija pa sikirini yaing'ono limataya theka la ulemerero wake. Amene muli ndi laputopu kapena tabuleti machaputala aulerewo werengerani pamenepo. Kumbukiraninso kuti amawerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, tsiku loyamba mutu umazungulira koma mawa lake mwazolowera. Za bandulo musaope kwambiri, ndi zithunzi zakuda ndi zoyera, sizingafanane ndi kuonera anime pa vidiyo, ndipo mutha kutsitsa kwalite ya zithunzi mmasetingi kuti zisadye zambiri. Koma netiweki imafunika, ikagwa tsamba limangozungulira, nde ophunzira a pa UNIMA amene muli ndi WiFi muli pabwino. Zotsatsa malonda zimabwera kumapeto kwa chaputala, sizisokoneza pakati. Pali malo a makomenti pansi pa chaputala chilichonse, koma ngati muli mmbuyo musatsegule, anthu samasunga pakamwa.

Kupatula One Piece muli Hunter x Hunter ya Yoshihiro Togashi ya 1998, ya kamnyamata ka zaka 12 kochoka pa chilumba kukasaka bambo ake omwe anakasiya chifukwa chokonda ulendo, ndipo iyi imafunsa funso lomwe One Piece imalizemba, loti nanga amene wasiyidwa kunyumba ndi munthu wolotayo zake zimatha bwanji. Vuto lake imaima kawirikawiri, nthawi zina zaka, chifukwa wolembayo amadwala msana. Muli Dr. Stone ya 2017 mpaka 2022, ya mnyamata wasayansi yemwe amadzuka anthu onse atasanduka miyala kwa zaka zoposa 3,000 nkuyamba kupanga sopo, mankhwala, magetsi mpaka foni kuchokera ku zinthu za mtchire, loto lake kupita kumwezi, imeneyi ana a sekondale amene physics ndi chemistry zikuwavuta ingawatsegule mutu. Dragon Ball ya malemu Akira Toriyama, amene anamwalira mu Malichi 2024, ndi kholo la zonsezi, inayamba 1984 ngati ulendo wosaka mipira 7 isanasanduke ya ndewu zokhazokha. Kungoti nkhani zomwe zinatha kale zambiri mumaona machaputala oyamba okha, zotsalazo zili ku pulani yodula ija.

Zomwe mulibe nazo ndizinene. Popeza app ndi ya Shueisha yokha, Vinland Saga ndi Attack on Titan musazisake, zimenezo ndi za Kodansha, ndipo ndi zachisoni chifukwa pa nkhani ya ufulu ndi ukapolo Vinland Saga imafika pakuya zedi. Ziyankhulo zilipo zingapo, Chingerezi, Chisipanishi, Chifalansa, Chipwitikizi cha ku Brazil ndi zina, nde abale athu a kutsidya kwa Chilwa ku Mozambique atha kupezako zina, koma cha mu Africa muno palibe olo chimodzi, Chiswahili chomwe mulibe. Chizungu chake si chovuta, mwana wa Fomu 2 atha kutsatira ndipo chingamuthandizenso, koma ndimalakalaka tsiku lina mwana wa ku Songani atawerenga mawu a Robin aja mchiyankhulo chomwe amalilira.

Pa nkhani ya masikani akuba aja amatuluka masiku angapo chaputala chisanafike, ine ndimati dikirani Lamulungu. Kumasulira kwake kumakhala kothamanga, zithunzi zakuda bii, ndipo munthu amene wakhala akujambula nkhani imodzi kuyambira 1997, kupuma sabata imodzi pakapita masabata atatu kapena anayi, akuyenera kuti tiwerenge ntchito yake pamalo pomwe iye anaiika, makamaka poti sakutilipiritsa.

Nde kwa ine app iyi ndi yoyenera kukhala mfoni, makamaka kwa amene mukufuna kutsatira nkhani zomwe zikutuluka panopa. Ngati mukuyamba One Piece musaweruze ndi machaputala atatu oyamba okha, limbikirani mpaka mufike kumudzi kwa Nami, cha mma chaputala 70 mpaka 95, mukafika pomwe iye akupempha thandizo koyamba Luffy nkumuveka chipewa chija ndipo simunamve kanthu, mwina si yanu, yesani Dr. Stone. Makolo amene mukufuna kupatsa ana, muli magazi, fodya, mowa ndi zovala zina zosalongosoka, ine ndingati kuyambira zaka 13 kupita mtsogolo, ndipo Hunter x Hunter mudikire akuleko pang'ono chifukwa pakati pake imada kwambiri.